Chitenje cha pa Idi

A Nasiru a ku Liwaladzi anthu amawaseka mwachikondi: nyanja yonseyi ili pakhomo, iwo n'kumaweta nsomba m'nyumba. Paunyamata wawo ankamira pansi pa miyala kugwira mbuna, tinsomba tamawangamawanga tija amagula anthu akunja. Khutu lina litagontha ndi madzi akuya, ntchito inathera pomwepo. Anangotsala ndi kathanki kagalasi pakona ya chipinda, muli mbuna zochepa za pamiyala yawo yakale.

Nkhawa yawo inali imodzi, yoti madzi asatenthe kapena kuzizira mwadzidzidzi. "Pansi pa nyanja madzi sasinthasintha," ankatero. Choyezera analibe, ankangoviika chigongono ngati mayi wosambitsa khanda. Mwera ukawomba ankafunditsa thanki bulangeti, iwo n'kugona ndi jekete. Akazi awo a Rahila, ogulitsa chambo pamsewu, ndiye pakamwa sipankatseka.

"Nsomba zoti sitidya, koma zalanda bulangeti. Bambo a Bushra, tsiku lina mudzapeza ndazikazinga."

Tsono chaka chatha mu Okutobala, malata akuthetheka ndi dzuwa, mbuna ina yaikazi inasiya kudya, kukhosi kutatupa. Inali itafungatira mazira m'kamwa, koyamba chiyambireni kuweta. Sabata yomweyo a Nasiru anagonekedwa kuchipatala ku boma, opaleshoni ya m'mimba. Mwana wawo Bushra ndiye anakawadikirira. Bala silinkawapweteka ngati maganizo: madzi akatentha, mbuna yaikazi ija ilavula mazira, mwina n'kufa kumene. Kumira sangamirenso, ndiye ina akaitenga kuti? Kuwapempha akazi awo anachita manyazi.

Atatuluka m'chipatala anafika kunyumba masana, dzuwa lili paliwombo. Sanakhale n'komwe pansi. Analunjika kuchipinda atagwira pamimba, n'kuima pakhomo kukamwa kuli yasa. Zenera linali lotchinga ndi mphasa. Mtsuko wa madzi akumwa unali utasamukira pambali pa thanki, kapu ili pamwamba. Thankiyo inali yokulungidwa ndi chitenje chonyowa, chija a Rahila amavala pa Idi pokha. Anaviika chigongono. Madzi anali ozizirira bwino ngati a pansi pa miyala.

A Rahila anadzera mbali ya khutu labwino lija.

"Sailesi, woyandikana nafe uja, anabwera ndi ayisi wa m'filiji mwake, ndinamubweza. Mumayesa mukamalongolola ine sindimva? Kuthira pang'onopang'ono, kapu imodzi ya madzi a mumtsuko, kenaka kudikira."

"Nanga chitenjechi, mayi a Bushra?"

"Zinazo zimauma msanga. Ichi n'chochindikala."

A Nasiru anavundukula mbali imodzi ya chitenjecho. Timwana tating'ono ngati njere za mpunga tinali mbwee pafupi ndi mwala, mayi wawo akutizungulira.

"Zaka zonsezi ndatumbula chambo, ana a m'kamwa ndimangotaya," anatero a Rahila. "Uyu yekha ndinati ayi."

A Nasiru misozi inalengeza. Anathokoza Mulungu chapansipansi, kenaka anathokoza akazi awo mokweza, monga amayankhulira munthu wogontha, mpaka oyandikana nawo anamva. Anali osangalala, ndipo sanabise.

"Zikomo sadyera nsima," anayankha a Rahila. "Zikakula ndikazingako imodzi."

Akunena choncho anali atapinda kale mkono, chigongono chili m'madzi.