Mpando wa Apongozi

Amuna anga atamwalira, m'nyumba ya ku Chalimbana tinatsala awiri, ine ndi bambo awo. Achibale a ku Nkomeshya anati akatha kukolola adzabwera kudzawafunsa madalawo ngati abwerere kumudzi kapena akhalebe kwa mkazi wa malemu mwana wawo. Ndinkafuna kuti akhale, koma mtengwa sanena zotere.

Mwana wanga, popita kuntchito ku Kitwe, anasiya kompyuta. Munali masewera oulutsa ndege yankhondo ya Ajapani, ya chizindikiro chofiira chozungulira pamapiko, yonyamuka ndi kutera pa sitima yapanyanja. Zala zanga zinazolowera taipi, choncho masana ndinkaiyatsa kuti m'nyumba mumveke kanthu.

Apongozi anamenya nkhondo ku Burma ali mnyamata. Atamva kulira kwa injiniyo anakokera mpando wawo pakhomo, pakuti sankalowa m'chipinda chimene ine ndakhala.

"Zamene izo tinali kuziona pamimba cabe, tili gone m'matope," anatero. "Kansi mukati muli tero?"

Kuyambira pamenepo ankabwera masana aliwonse. Kunyamuka ndinkatha, koma potera ndinkaphonya sitima n'kugwera m'madzi.

"Amake mwana, mwaimizanso! Sembe Ajapani anali monga imwe, nkhondo ikanatha pa Ciwili."

"Nayesa, atate."

"Cepetsani liwilo. Mufika monga minibasi ya ku Kanakantapa."

Ankaseka mpaka kutsokomola. Chiikireni maliro ndinali ndisanamve kuseka m'nyumbamo.

Chimanga chitalowa m'nkhokwe, tsiku lina anati maso awo sakuona bwino ali pakhomo. Ananyamula mpando, nalowa, naukhazika pambali panga penipeni. Ine thupi linachita zimene linaphunzitsidwa: ndinanyamuka msanga, ndinakagwada kukhomo, maso pansi. Ndege inauluka yokha kanthawi, kenaka inagwera m'madzi. Apongozi anayang'ana madziwo, ndipo anabweza mpando wawo pakhonde.

Loweruka achibale anafika. Ndili kukhitchini ndinamva apongozi akuwayankha kuti, "Nizapita. Mwana uyu nimamucititsa manyazi m'nyumba yake."

Ndikanatha kutuluka n'kunena kuti sizinali choncho. Koma pabwalo panali alamu ndi azibambo, ndipo ndinangowalongedzera apongozi zovala, mankhwala a chifuwa ndi shuga.

Ndegeyo ndinadzaiteretsa pa sitima mvula itayamba. Ndinatembenukira kukhomo kuti ndinene. Kenaka ndinazimitsa kompyuta, ndinaifunditsa chitenge.