Kerenga Wokankha Matumba

Kerenga Dua ankagwira ntchito yokankha katundu pakhomo la ndege. Kumapiri kwathu kuno ku New Guinea midzi yambiri inalibe msewu ngakhale bwalo loterapo ndege, choncho ndege inkangotsika pang'ono, chitseko atachotseratu, iye atamangidwa lamba m'chiuno, n'kumakankha matumba ndi phazi.

Sukulu anailekezera panjira, koma kagwedwe ka zinthu ankakadziwa kuposa tonsefe. Ine ndinkasoka naye matumba. Mpunga tinkauthira m'thumba lothina, n'kulilowetsa m'lina lalikulu lokhwepa, kuti lamkati likaphulika lakunja ligwire.

"Iwe, kusoka kwanji kumeneku?" ankandinyogodola. "Ukufuna anthu akatole mpunga m'matope ngati nkhuku? Masula!"

Ankati thumba silitsika molunjika. Limapitirira kutsogolo ndi liwiro la ndege, ndiye uzilikankha usanafike pamene ayala nsalu yoyera. Mabulangete mphepo imawagwira, amatsika mozengereza, mwina n'kukagwera kutsidya kwa mtsinje. Koma mpunga ndi zitini za nsomba, ankatero, mphepo siziimva.

Chaka cha 1972 chisanu chinapsereza mbatata m'minda yonse ya kumtunda. Ndege inkapita kanayi patsiku. Pamudzi wina wa m'mphepete mwa chigwa, njala inafika poti anthu sankadikiranso kuti ndege imalize kuponya. Mphunzitsi wa pamenepo ankawabweza ndi ndodo, koma munthu mmodzi akanatani?

Tsiku lina mitambo inayamba kutseka chigwacho. Woyendetsa ndege, mzungu wa ku Australia, anazungulira kachitatu.

"Kankha!"

"Bwana, pabwalo pali anthu!"

"Tikachedwa sitituluka muno! Kankha, Kerenga!"

Anakankha. Kenaka anasuzumira monga mwa masiku onse. Anaona thumba likucheperachepera, ndiponso mayi wina, chikwama chaulusi chili pamutu, akuthamangira matumba amene anagwa kale. Pa anthu onse a m'mwamba ndi a pansi, Kerenga yekha ndiye ankadziwa pamene thumbalo ligwere, ndipo mayiyo ankalowera pomwepo. Anakuwa, koma injini inameza mawu ake.

Thumba la mpungalo linamugwera, mayiyo anafera pomwepo. Thumbalo silinataye n'kambewu komwe, ndipo anthu anaphika mpungawo pamaliro ake.

Kerenga anapitiriza ntchito, koma phazi linayamba kuchedwa. Ankayamba wayang'anitsitsa pansi, ndipo akamakankha, nthawi yadutsa kale. Matumba ankagwera kuphompho kumene munthu sangafikeko. Sabata imodzi mudzi wina unagona ndi njala chifukwa cha iye. Anamuchotsa ntchito.

Mkazi wake Wari anayesetsa. "Bambo a Gende, simunamuphe ndinu. Inamupha ndi njala."

"Njala ilibe phazi, mayi a Gende."

Kerenga anayamba kumwa mowa. Patapita zaka zitatu Wari anatenga ana n'kubwerera kwawo, ndipo Kerenga anakakhala kwa mkulu wake, kumaweta nkhumba za eni.

Ndinakumana naye chaka chatha pakachipatala ka kwathu, akutsokomola, makutu atagontha ndi phokoso la injini. Ndinam'tchulira dzina langa kawiri.

"Ndani? Kaya, achimwene. Muli ndi fodya?"

Ndinam'patsa. Mankhwala kunalibe tsiku limenelo, anamuuza kuti adzabwerenso Lachisanu. Anapinda kabuku kake ka kuchipatala, nakalowetsa m'malaya kuti kasanyowe, n'kuuyamba ulendo wa maola anayi wapansi, mvula ikuwaza.