Chaka Chimene Amalume Anakweza Pikapu

Kampando ka mkungudza kaja ndikadali nako. Kamakhala pakhonde, mwendo umodzi unadyeka pang'ono, ndipo adzukulu anga amakalimbirana akamadya nzimbe. Ukakakanda ndi chikhadabo fungo lake limatulukabe, fungo la kuphiri lija. Alendo amakayesa mpando wa mwana. Sindiwatsutsa, koma kameneka sikanakhomedwe kuti munthu akhalepo. Kanali kopondapo pokwera galimoto ya amalume.

Amalume anali mlongo wawo wa amayi, ndipo kwathu munthu ameneyo ndiye mwini mbumba. Mlongo wake akadwala, funso limapita kwa iye, osati kwa mkamwini. Abambo ankagwira ntchito ku fakitale ya tiyi, ndipo chuma chawo chonse chinali njinga. Amalume ndiwo anali ndi pikapu, yobiriwira, yakalekale, imene anagula kwa mzungu wina wa ku esiteti atabwerako ku Joni. Inkalira mochita kunyengerera, chitseko chimodzi chinkamangidwa ndi waya, koma m'mudzi monse, kuseri kwa Chinakanaka, galimoto inali yokhayo. Ine kusukulu ndinkayenda monyang'wa ngati ndinaigula ndine.

Pakati pa mudzi wathu ndi msewu waukulu panali kamtsinje kotsika kuphiri. Mlatho panalibe. Galimoto inkangolowa m'madzi powolokera, ndipo pakati penipeni panali mwala wotukuka ngati msana wa ng'ombe. M'chilimwe tinkachapirapo zovala. M'dzinja madzi ankakokolola mchenga wa m'mbali mwake, matayala n'kumatsika, mwala n'kutsala pamwamba.

Ndinene pano zimene ndinadzadziwa nditakula, kuti musasochere ngati mmene ndinasocherera ine. Dzinja la chaka cham'mbuyo, pikapu isanakwezedwe, amayi anali ndi pakati. Matenda atawayamba, azamba a m'mudzi anaona kuti zawakulira, amalume n'kuwanyamula ulendo wa kuchipatala ku boma. Pikapu inakakhala pamimba pamwala paja, matayala akungozungulira m'madzi. Amuna anakankha, anakumba, ananyamula. Mmene inkachoka, mwana anali atabadwira momwemo, osalira. Amayi aakulu anakamuika okha kudambo, popanda maliro, popanda wolira, monga mwa mwambo wake wa mtayo. Ine anangondiuza kuti amayi anadwala malungo, ndipo ndinakhulupirira.

Chaka chimene ndikukambachi amayi analinso ndi pakati. Kwathu mimba sitchulidwa. Suigulira kanthu, suikonzera kanthu poyera, ndipo mwana akafunsa chimene chakulitsa amayi ake amamuthamangitsa kukatunga madzi. Akuluakulu akafuna kukambapo ankasinthira ku Chilomwe chozama, chimene ife ana tinkangotolako mawu amodziamodzi. Ndiye amalume, posowa ponenera, analengeza pakhonde kuti chaka chimenecho ayamba geni ya zinanazi. "Galimotoyi ndi yafupi," anatero. "Ndikaikweze, izinyamula zinanazi mpaka ku Limbe." Amayi anangoyang'ana pansi, n'kupitiriza kusola nandolo.

Chinthu choyamba amalume anadula nsungwi. Anapita nayo powolokera kukadali kouma, anafukula mchenga m'mbali mwa mwala mpaka pamene madzi amafika pokokolola, n'kuimika nsungwiyo, n'kuicheka pamene panalekezera msana wa mwala, kuwonjezapo zala zingapo. Kamtengo kameneka kanakhala ngati mwana wawo. Ankagona nako, ndinganene choncho.

Loweruka lina ananditenga kupita ku Chitakale kwa amakanika. Ndikukumbukira kutentha kwa Okutobala, nyenje zikulira mumtengo wa mango, ndi amalume akupapasa thumba la malaya kuona ngati khadi la chipani lilimo, poti masiku amenewo sukanalowa ngakhale mumsika wopanda khadilo. Garaja yake inali mthunzi wa mtengowo basi, nthaka yakuda bii ndi oyilo. Amakanika anali atapeza masipuling'i a lole ina imene inafa kalekale, zitsulo zazitali zophwatalala, zopindika pang'ono ngati uta. Anazipala dzimbiri, kuzidula, kuzipaka girisi. Kenako anakweza pikapu ndi jeke, n'kuikhazika pazitsa, n'kumasula mtolo wa masipuling'i akumbuyo. Analowetsamo zitsulo zatsopanozo, mbali iyi ndi mbali iyo, n'kumanga ndi mabauti aatali opindika. Amalume sanakhale pansi tsiku lonse. Bauti iliyonse amakanika akamanga, iwo ankabwera pambuyo ndi sipanala kudzamanganso, mpaka amakanika anawauza kuti ngati ntchitoyo akuidziwa angoitenga.

Atatsitsa jeke, ine ndinafuna kulowa pansi ndi manyazi. Kumbuyo kunali m'mwamba, mphuno pansi, ngati nkhuku ikutola chimanga. Tinabwerera nayo choncho, anthu akuima m'mbali mwa msewu kuionerera. Pa Chinakanaka tinakumana ndi aphunzitsi athu, akukankha njinga. Anaizungulira galimotoyo manja kumbuyo, n'kufunsa amalume mwaulemu ndithu kuti, "Kodi yataya tambala, ikufunafuna?" Lolemba lake kalasi yonse inkayenda chowerama ndikamadutsa.

Amalume anabwerera nayo ku Chitakale kukakweza kutsogolo. Kumeneko masipuling'i ake anali ozungulira ngati nkhata, ndiye amakanika anasula zitsulo ziwiri zokhuthala n'kuziika pamwamba pake. Galimoto inawongoka, inaima bwinobwino, yaitali ngati yaboma. Amalume anagwada ndi nsungwi yawo. Pansi pa injini inalowa, pansi pa thanki inalowa. Koma pakati pa matayala akumbuyo pali chitsulo chozungulira chotchedwa difu, ndipo pamenepo nsungwi inakana. Amakanika anawauza kuti masipuling'i amakweza thupi lokha, koma dzungu limeneli limakwera ndi matayala. Panafunika matayala aatali, ndipo malo ake tsopano analipo.

Sabata imeneyo wailesi ya amalume inasowa pakhonde, pamodzi ndi jasi lawo la ku Joni limene ankavala ngakhale kukutentha. Jasilo sindinalilire. Koma wailesi inandipweteka mtima, chifukwa madzulo ana onse ankabwera kwathu kudzamvera nyimbo, ndipo ine ndinkasankha wokhala pafupi. M'malo mwake kunabwera matayala anayi ogwirako kale ntchito, a mano akuluakulu. Nsungwi inalowa pansi pa difu mosakhudza. Amalume anailowetsa, kuitulutsa, kuilowetsanso.

Ndinkayesa kuti zatha, koma vuto linabadwa lina. Masipuling'i a lole sadziwa chifundo. Pikapu ikakhala yopanda katundu inkadumpha pakamwala kalikonse, mano n'kumagundana, mutu n'kumagunda denga. Amalume anadzaza matumba ndi mchenga wa kumtsinje n'kuwasanja kumbuyo kuti ifewe. Atatero anayamba masewera amene ndinawakonda kuposa onse. Ankandikhazika kutsogolo, pampando wa pambali pawo, beseni lodzaza madzi pamiyendo, n'kuyendetsa kuchoka pakhomo, kutsika, kuwoloka, kukwera tsidya linalo. Tikafika ankaima n'kuyang'ana diresi langa. Likanyowa, tinkabwerera kukayambiranso.

Ine ndinkaseka madzi akakhavukira, nthawi zina ndinkapendeketsa dala beseni. Tsiku lina anandiona. Sanandikalipire, koma anazimitsa injini n'kundiyang'ana nthawi yaitali. "Mwanawe, gwira bwino," anatero motsitsa mawu. "Ndikufuna ndidziwe pamene ndikulakwitsa ine." Mpaka lero ndikakumbukira nkhope imeneyo mtima umandiwawa. Munthu wamkulu, amene anakumbapo miyala pansi pa nthaka ku Joni, ankaphunzira dzenje lililonse la kamsewu kathu, pochepetsa moto, popotoza chiwongolero, polowera m'madzi. Mmene mvula yoyamba inkagwa, tinkafika tsidya lija diresi lili louma gwa.

Cholakwika chomaliza anachitulukira ndi amayi. Lamulungu lina amalume anati atiperekeze kutchalitchi. Amayi anafika pachitseko, anagwira, anayesa kukweza mwendo, mwendo osafika. Anayesanso, chitenje chikuwakoka. Galimoto inali itawatalikira. Amalume anangogwira chipewa. Miyezi yonseyi anayeza mwala, anayeza difu, anayeza madzi a m'beseni, koma sanayeze mwendo wa mlongo wawo.

Amayi anayamba kuseka. Anaseka mpaka kutsamira chitseko, misozi ikutsika, ndipo ine ndinazindikira kuti kuseka kwawo ndinali nditakuiwala. "Achimwene," anatero, "kukweza mwakweza. Nanga zinanazi zanuzo zikwera bwanji?" Amalume nawo anaseka, koma chamumtima. Madzulo omwewo anapita kwa munthu wina wocheka matabwa kuphiri, n'kubwerako ndi zidutswa za mkungudza. Anakhoma kampando kaja, kotakata, kolimba, misomali yambiri kuposa imene kankafunika. Anadumphapo okha kangapo asanalole amayi kuyesa.

Kenako zinanazi zinapsa. Amene sanakhaleko ku Mulanje m'dzinja sadziwa fungo limenelo, lotsekemera mpaka kulowa m'zovala, njuchi zili ng'waa pamilu ya m'mbali mwa msewu. Alimi ankabwera pakhomo mmodzimmodzi kudzapempha kuti amalume awanyamulire. Amalume ankawapatsa mpando, kuwafunsa za kunyumba, kenako n'kukana. Lero akuti mabuleki, mawa akuti mvula. Pikapu inangoima pabwalo, mphuno italoza kumsewu, thanki yodzaza, kampando kali pambali pa chitseko. M'mawa uliwonse ankailiza, kuimvetsera, n'kuizimitsa. Ngakhale kumowa anasiya kupita.

Amuna ena ankanena poyera kuti ku Joni kunawazunguza mutu. Ankati munthu wagulitsa wailesi kuti anyamule zinanazi, zinanazi zapsa, iye wakhala. Amayi a m'mudzi okha ndiwo sankaseka nawo. Ankadutsa ndi ndowa zawo, kuwapatsa moni amalume mogwada kuposa kale. Ine ndinali mbali ya amuna aja. Ndinkaona milu ya zinanazi ikuwola, ntchentche zikusangalala, ndipo ndinkakwiya ndi ulesi wa amalume anga.

Tsikulo linafika m'mawa, mvula itagwa kuyambira dzulo lake. Phiri silinkaoneka. Kamtsinje kathu kankamveka pakhomo pomwe, kakugubuduza miyala. Ndinadzuka n'kupeza amayi aakulu awiri m'nyumba, ndipo anandiuza kuti ndipite kusukulu. Sindinapite, ndinabisala kuseri kwa nthochi. Ndinaona amayi akutuluka atagwiridwa mbali zonse, akuluma mlomo. Anaponda pakampando, anapuma, n'kukwera. Mayi mmodzi anakwera nawo. Amalume anaponya kampando kumbuyo, pamatumba a mchenga, ndipo galimoto inanyamuka pang'onopang'ono, mwakuti ndinkaitsatira wapansi osathamanga.

Powolokera panali patasonkhana kale anthu, amuna atapinda mabuluku, ena atanyamula makasu ndi mitengo, popanda wowaitana. Madzi anali ofiira. Amalume anaima, anatsika ndi nsungwi yawo, n'kulowa m'madzi mpaka m'ntchafu. Anafufuza mwala, anafufuza m'mbali mwake, n'kubwerera. Sanayang'ane munthu. Anaika giya yoyamba, pikapu n'kutsika monga inkatsikira masiku a beseni. Madzi anafika m'munsi mwa chitseko. Pakati paja inapendekeka pang'ono, mayi wina pafupi nane n'kugwira pakamwa. Injini sinasinthe mawu. Matayala akumbuyo anadutsa, galimoto inakwera tsidya lija madzi akuchucha, n'kukhota kumka kumsewu waukulu. Ine ndinalumpha n'kukuwa. Ndinali ndekha wokuwa. Amuna anangotsitsa makasu awo n'kumabwerera mwakachetechete.

Amalume anabwera dzuwa litapendeka, mvula itakata, ali okha. Ndinawamva patali, ndipo ndinathamangira kumtsinje pamodzi ndi amayi a m'mudzi. Atawoloka anazimitsa injini n'kutulutsa mutu pawindo. "Achira," anatero. "Wamwamuna. Akulira ngati mbuzi." Nthungululu zinamveka mpaka kuphiri. Mchimwene wangayo lero ali ndi imvi, ndipo pakamwa pake sipanatsekekebe.

Amayi aja atabalalika kukauza anzawo, amalume anatsika. Anatenga nsungwi yawo n'kuiponya m'madzi. Kenako anayenda pang'ono motsata mtsinje, mpaka pamene pamayambira dambo, pamene amuna sapitirira. Anaima pamenepo atavula chipewa, akuyang'ana mabango. Ine ndinadikira, ndinatopa, n'kupita kukawakoka malaya.

"Amalume, nanga zinanazi tiyamba liti? Zikutha."

Anandiyang'ana, maso ali ofiira, n'kuyamba kuseka. Anandinyamula m'mwamba n'kukandikhazika kumbuyo kwa pikapu. "Tanyamula kale, mwanawe," anatero. "Zafika bwino."

Ndinayang'ana uku ndi uku. Munali matumba a mchenga onyowa, ndi kampando kali chagada. Ndinanunkhiza, fungo la chinanazi panalibe. Ndinatupa masaya njira yonse mpaka pakhomo, poganiza kuti amalume anagulitsa zonse ku boma osandisiyirako ngakhale chimodzi.