Nkhope ya Amama Pakhoma la Msika

Ndikukumbukila chaka cha ufulu, chaka chimene mbendela yakale inatsika. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, sukulu nditalekela Sabu B kuti ndizilela ang'ono anga. Atate anali ku Halale kuntchito. Mudzi wathu unali mbali ya ku Msanzala, ndipo ukanyamuka tambala atalila kachiwili, unkafika pamsika wa Petauke dzuwa lisanayambe kuluma.

Amama anga anali mmisili wa dothi. Nyumba yathu inali ya udzu monga zonse, koma khoma lake, mayo ine, khoma lake! Chaka ndi chaka mvula ikatha, ankakumba katondo wofiila kuchulu, makande akuda kudambo, dothi loyela kumtsinje. Ankazila nyumba yonse, kenaka n'kulembapo ndi zala: njila ya njoka yokhotakhota, timadontho ta nkhanga, mano a ng'ona m'munsi mwake. Iwo kuimba, ine kuvomela. Iwo kulemba, ine kugwila mbiya. Lamulo loyamba la ntchitoyo anandiphunzitsa ndisanaguluke mano: dothi siligwila pakhoma losalala. Uyambe wakanda ndi phale, ukande mpaka khoma lichite zipsela, ndiye upake.

Nyengo yotentha itayamba kunabwela a Chanda, mphunzitsi wochokela kumigodi, Mbemba wamtali wa Chinyanja chopindika. Anapatsidwa khoma lalitali la msika kuti alikongoletse tsiku la ufulu lisanakwane. Anthu ankayesa adzajambulapo akuluakulu ovala masuti. Iwo ati iai, khoma la msika n'la anthu a pamsika. Anazungulila midzi pa njinga kufuna azimai odziwa kuzila, ndipo atafika pathu anatsika, njinga n'kugwa yokha, iwo ali duu kuyang'ana khoma la amama.

Anasankha azimai asanu ndi mmodzi, amama ali pakati pawo. M'munsi mwa khoma, kufika m'chiuno, munali mwa azimai ndi dothi lawo. M'mwamba munali mwa a Chanda ndi penti wawo wa m'zitini. Ankajambula aliyense wofuna: mkulu wokonza njinga, mai wogulitsa nsomba zouma za ku Luangwa, ngakhale kapaso, mtumiki wa mfumu, wa mimba yaikulu amene ankaipana mimbayo poima, msika wonse n'kumamunena kuti aphulika. Amama anawajambula atasenza mtsuko wa katondo, akuseka, kampata ka pakati pa mano kakuoneka. Kwathu kunalibe kalilole, kunalibe wojambulidwapo ndi kamela. Amama anaima patsogolo pa khomalo nthawi yaitali, n'kundifunsa monong'ona ngati iwo alidi otelo.

Tsiku la ufulu tinavina nsongwe pomwepo, pansi pa nkhope zathu. Tinavina, tinavina, fumbi kobo! Amama anatsogolela, anthu akuwaitana kuti amai a pakhoma. Sindinawaonepo osangalala chotelo, ndipo sindinawaonenso.

Patapita masabata awili anagona. Thupi moto, mutu ngati ukung'ambika, khosi louma gwa. Azimai ankabwela kudzazonda, n'kukhala pakhonde kumakambilana, ine ndikutsuka mbale pafupi. Amama aakulu, mkulu wawo wa amama, ndiwo ananena kuti munthu sangakhale malo awili. Ati mng'ono wawoyo waima pakhoma paja usana wonse, dzuwa likumuomba pamutu, mtsuko osatula, nanga mutu ungaleke bwanji kuwawa, khosi lingaleke bwanji kuuma? Enawo anavomela ndi mitu. Palibe anati tichite chakuti. Iwo ankangokamba, koma ine ndinamva ngati andituma.

Pa Sondo m'mawa ndinatenga phale ndi kambiya ka katondo, ndinapita. Msika unali zii, anthu ali ku tchalitchi. Ndinakunkhuniza dilamu, ndinakwelapo, ndinayang'anizana ndi amama maso ndi maso. Poyamba ndinangofuna kuwaphimba kuti apeze mthunzi. Ndinapaka, dothi n'kutsetseleka. Ndinapakanso, n'kutsetselekanso, chifukwa penti ndi wosalala. Pamenepo ndinakumbuka lamulo lija. Ndinayamba ndi mtsuko, kuti ndiwatule. Ndinatsikila pamphumi, m'maso, pakampata ka mano kaja. Ndinakanda ndikuimba nyimbo yathu ya pantchito, mtima uli mbee, ndinakanda mpaka njelwa zinaoneka. Ndiyeno ndinapaka katondo, ndipo anagwila bwino kwambili.

A Chanda anandipeza ndikusalaza, akuchokela ku mapemphelo, tayi ali m'khosi.

"Iwe mwaiche, wachita chiyani?"

Ndinawauza zonse, osaopa, pakuti ndinkaona kuti ndachita zabwino. Koma nditaona nkhope yawo ndinadikila khofi patsaya. Iwo anangokhala pansi m'fumbi ndi buluku lawo la pa Sondo, n'kugwila mutu. Patapita nthawi anafunsa kuti amama adwala masiku angati, ndipo nditawauza ananyamuka msanga, n'kundikweza pa njinga.

Titafika ndinathamangila m'nyumba, manja ali ofiila, ndinagwada pamphasa.

"Amama, ndakutulani mtsuko uja. Ndakuchotsani pakhoma. Manje muchila."

Anatsegula maso pang'onopang'ono, anayang'ana manja anga, anamvetsa. Anayesa kuseka.

"Wandichotsa, Esinati? Koma ndinakongola paja, mwandi."

Anapuma, ndiye anafunsa ngati ndinayamba ndakanda. Ndinati inde, ndinakanda.

"Ndiye wadziwa ntchito," anatelo, n'kutsekanso maso.

A Chanda anakakamiza amalume kuti afune ngolo ya ng'ombe, odwala apite kuchipatala. Ngolo inapezeka m'mawa mwake. Amama anafika, koma mochedwa. Anatisiya Lachitatu.

Malilo atatha a Chanda anayesa kuwabwezela pakhoma. Ankandifunsa kuti mphuno inali yotani, amama aakulu n'kumati masaya sanali otelo, amalume n'kumati maso achepa. Anajambula katatu, ndipo katatu konse panatuluka mkazi wachilendo. Potsiliza anati aleka, sangaike munthu wabodza pamalo pa munthu weniweni. Anandipempha kuti ndipakenso katondo, ndipo pakati pa nkhope zonse zija panatsala malo ofiila, opanda maso, opanda kamwa.

Ndikulila pansi pa malowo, iwo anandigwila dzanja, n'kulitsitsa m'munsi, kumizele ya azimai, pamene panali njila ya njoka ndi timadontho ta nkhanga.

"Ine ndinajambula nkhope chabe. Apa m'pamene anagwila eni ake."

Ndinalowetsa zala zanga m'tinjila ta zala za amama. Zanga zinali zazing'ono, zinkasowa m'katimo. Kumwamba mitambo inali itayamba kale kuda, ndipo ndinadziwa kuti mvula ikabwela dothilo lipita. Masiku amene anatsalawo ndinkapita kumsika tsiku ndi tsiku, kulondola mzele uliwonse ndi chala, kuyambila kumanzele kufika kumanja, mpaka dzanja linaloweza. Mvula inabwela, inatsuka. Itatha ndinasenza katondo, makande ndi dothi loyela, ndinakalembanso. Chaka chinacho chimodzimodzi, chinacho chimodzimodzi, azimai a pamsika akunditungila madzi. A Chanda anasamutsidwa, sindinamvenso za iwo. M'nthawi ya chipani chimodzi, nditakwatiwa kale kuno ku Nyimba, khoma lonse analipaka njeleza kuti alembepo mawu olandila mlendo wamkulu. Wokonza njinga, mai wa nsomba, kapaso ndi mimba yake, onse anapita tsiku limodzi.

Lelo ndine agogo a adzukulu khumi ndi atatu, ndipo ndimasekabe, ndimavinabe mawondo akalola. Nyumba yanga ili m'mbali mwa msewu waukulu, ndipo a m'mabasi amatulutsa mitu kuona khoma langa. Adzukulu akafuna kundijambula ndi mafoni awo sindikana. Ndimamanga duku bwino, ndimati jambulani, jambulaninso, musunge.

Amama aakulu sindiwasungila mlandu, anali ndi mantha monga ine. Chimene ndimadziwa tsopano n'chakuti chikondi chothamanga chimaononga monga chidani. Ndinayenda mtunda wonse uja kukapulumutsa amama, koma mwini nkhope anali gone m'nyumba, pafupi, ndipo sindinamufunse. Ndikatseka maso ndimadziwa kuti panali kampata pamano, ndimadziwa kuti panali kuseka, koma nkhope siibwela. Pamabwela malo ofiila aja. Ndiye mvula ikatha ndimatenga phale langa, ndimakanda, ndimapaka, ndimalemba njila ya njoka. Zala zanga zinakula, tsopano zimakwana ndendende m'mizele ya amama.