Mmisiri Amene Ankaonetsa Tchalitchi ndi Manja

Garnik Avagyan anagwa pa makwerero akukonza miyala ya nsanja ya tchalitchi chachikulu, m'tawuni ina ya m'mbali mwa mtsinje wa Main ku Jeremani. Chiuno chinathyoka pawiri. Madokotala anachilumikiza ndi zitsulo, n'kumuuza kuti kuyenda adzayenda, koma za m'mwamba aiwale.

Kwawo kunali ku Armenia. Zaka zinayi anagwira ntchito pakati pa amisiri anzake, kumene pakamwa sipafunika kwenikweni: wina amaloza, wina amasema. Chijeremani chake chinathera pa mayina a zida ndi moni.

Chilolezo chake chokhalira m'dzikomo chinkadalira ntchito. Mpingo unamupatsa tsache mpaka kumapeto kwa Okutobala. Mayi Riedl, amene ankayang'anira za alendo odzaona tchalitchicho, sanamubisire. Malo okhazikika opanda munthu anali amodzi okha, a woonetsa alendo, ndipo wowafuna ankayenera kulankhula Chijeremani kwa mphindi makumi anayi pamaso pa oyesa atatu. Akalephera, Novembala akamupeza kwawo, ali ndi ndodo, kumene palibe amene angalembe mmisiri wosakwera.

Anayesa mu Meyi. Analankhula mphindi zinayi, mawu n'kutha. Anayesanso mu Julayi ataloweza pepala lonse pamtima. Woyesa wina anamudula ndi funso, zonse zinabalalika.

Ottmar, amene anali ataonetsa alendo tchalitchicho kwa zaka makumi awiri, ankamugawira buledi wa soseji pa nthawi yopuma, kwinaku akumuseka.

"Aise, mawu ako alipo khumi, ndipo asanu ndi a nyundo. Alendo ukawauza chiyani? Nyundo yaikulu, nyundo yaing'ono, zikomo pobwera?"

Garnik ankangotafuna.

Anayamba kuyenda. Lamlungu lililonse ankakwera sitima kupita kumatawuni oyandikana nawo, ngati mlendo wodzaona malo. Anadziikira malamulo awiri: tikiti agule pa zenera kwa munthu, osati pa makina, ndipo njira afunse kwa odutsa, osati pa foni. Ena ankamuyankha m'Chingerezi pofuna kumuthandiza, koma nachonso sankachidziwa. Ena ankayankha mofulumira ngati akuthamangitsidwa. Anaphunzira kunena kuti, "Pepani, pang'onopang'ono." Tsiku lina anafunsa njira ya kunyumba yakale ya mafumu, anamva theka la yankho, n'kukapezeka kumanda. Anaona mandawo. Miyala yake inali yosemedwa bwino.

Alendo ena ankajambula zithunzi. Iye ankapapasa makoma. Amisiri akale ankasema kachizindikiro kawo pa mwala uliwonse umene amaliza. Kena, kooneka ngati phazi la nkhuku, anakapeza m'matawuni atatu, kenaka pa khoma la kum'mwera la tchalitchi chomwe ankasesacho. Anali munthu mmodzi, woyendayenda ndi zida zake zaka mazana asanu zapitazo. Garnik sanauze aliyense. Mawu ofotokozera analibe.

Okutobala ali pakati, kunafika basi kuchokera kumpoto. Munali anthu khumi ndi anayi a bungwe la osaona. Ottmar anawalandira ndi mawu ake a masiku onse.

"Mukayang'ana kumanzere kwanu," anayamba, n'kuima. Makutu ake anafiira. Anayesanso, koma pa chiganizo chachitatu anali atanena kale kuti, "Monga mukuonera pamwambapa." M'kati monse munali zingwe zofiira ndi zikwangwani zoletsa kukhudza.

Mayi wina wachikulire wa m'gululo, Mayi Lüders, anagogoda ndodo yawo pansi.

"Bambo, takhala m'basi maola asanu. Zimene mukunenazi tikanamvera pa wailesi tili kunyumba. Pano palibe chathu?"

Garnik anatsamiritsa tsache pa benchi.

"Kunja," anatero. "Kunja kulibe chikwangwani. Dzanja, mayi."

Anawatulutsa, iye akutsimphina patsogolo, enawo atagwirana mapewa. Pa khoma la kum'mwera anaika chikhatho cha mayiwo pa mwala.

"Wakale. Wokhakhala. Mvula inadya." Anasuntha dzanjalo pang'ono. "Uwu watsopano. Wosalala. Ndinasema ine."

Kenaka analowetsa chala chawo m'kaphazi ka nkhuku kaja, n'kuwauza kuti limenelo ndi dzina la munthu amene sankadziwa kulemba, ndipo anachokera kutali.

Mayi Lüders anafunsa kuti mwala umodzi unkatenga masiku angati. Wina anafunsa chifukwa chake mizere ya tchizulo chosemera ikupendekera mbali imodzi. Garnik anamva funso lililonse, chifukwa mafunso onse anali a miyala. Mawu akamuthera, ankamugwira wofunsayo mkono n'kumusonyeza mmene nyundo imatsikira. Akafunsidwa chaka, ankatembenukira kwa Ottmar, amene anali ataima kumbuyo atanyamula zikwama za alendo, ndipo Ottmar ankatchula.

Anatha ola ndi theka pa khoma limodzi. Mayi Riedl anaona zonse ali pakhomo. Mawa lake Garnik anasesa monga mwa nthawi zonse. Chimodzimodzi mkuja. Anayamba kufunsa mtengo wa ndege.

Kutatsala masiku atatu kuti mwezi uthe, Mayi Riedl anamuitana ku ofesi.

"Mayeso simunakhoze, Bambo Avagyan. Sindingakulembeni ngati woonetsa alendo. Malamulowo sindinawalembe ndine."

Garnik anagwedeza mutu, n'kugwira ndodo kuti adzuke.

"Takhalani pansi, sindinamalize."

Bungwe la osaona lija linali litalemba kalata. Linkafuna kutumiza magulu ena anayi, koma kwa bambo wa miyala uja, osati kwa wina. Mayi Riedl anali atapita nayo kalatayo kwa akuluakulu a mpingo kawiri, ndipo ulendo wachiwiri anavomera kutsegula ntchito imene kunalibe. M'mawa kusesa, masana kuyendetsa alendo pa makoma akunja. Zaka ziwiri. Pepalalo linali lokwanira ku ofesi ya zilolezo.

"Koma mu Malichi mudzayesanso mayeso aja."

"Ndidzayesa."

Mu Malichi analepheranso. Anakhoza mu Seputembala, ulendo wachinayi. Lero ngakhale anthu oona amalembetsa kuti awayendetse, ndipo ambiri amatsinzina okha akafika pa khoma. Makwerero sanakwerenso. Kutsimphina sikunathe.

Inu amene muli m'dziko la eni, lilime likukana, tsiku lomaliza likuyandikira: tulukani, funsani njira, sokerani, funsaninso. Mawu ochepa amene muli nawo muwanene. Ntchito imene manja anu amaidziwa alipo amene akuifuna, kungoti basi yawo sinafike. Musalongedze katundu tsiku lisanakwane. Osataya mtima.