Kapu ya Madzi a Pachitsime

Chitsime chathu ku Chinsapo chinali kuseri kwa nyumba, kumunsi kwa mpanda wa aneba. Tinachikumba chifukwa madzi a pakiyosiki ankatha masiku osatuluka. Pambali pake mkazi wanga anadzala mpiru ndi chainizi, ndipo ankathirira m'mawa uliwonse asanapite kumsika.

Anebawo anali ndi nyumba za lendi zisanu ndi imodzi, koma chimbudzi chokumba chimodzi chokha. Chikadzaza sankaitana galimoto yopopa. M'munsi mwa khoma lake anasiya bowo lotseka ndi njerwa ziwiri. Mvula yamphamvu ikagwa, ankasolola njerwazo kuti zonyansa zipite ndi madzi. Alipo ambiri amene amatero kuno, ndipo tonse timangoyang'ana kumbali. Tsiku lina masana ndinawaona ndi maso anga, atavala jombo, atafunda pulasitiki kumutu, akusolola njerwa. Madziwo anadutsa m'dimba la mkazi wanga n'kukaima pakamwa pa chitsime. Ndinawalankhula mwaulemu, poti tinkapemphera mpingo umodzi. Anandiseka, nati mvula imatsuka zonse ndipo nthaka imasefa.

Patangotha sabata, mkazi wanga anayamba kutsegula m'mimba ndi kusanza. Anamwalira tsiku lachitatu mutenti ya odwala kolera. Achipatala sanatilole kumusambitsa, ngakhale kubwera naye kunyumba kuti amayi anzake a kumpingo amuimbire. A zaumoyo anathira mankhwala m'chitsime n'kutiletsa kumwanso madzi ake. Ndinachivindikira ndi lata, pamwamba ndinatsamiza mwala. Pamaliro anebawo anandigwira paphewa n'kundiuza kuti inali nthawi yake, madzi alibe mlandu.

Ine sindine munthu wa mikangano. Zaka zinayi ndinkawapatsa moni, ndipo dzinja lililonse njerwa zija zinkasololedwabe.

Kenako dzina lawo linamveka pakati pa ofuna kuikidwa kukhala akulu a mpingo. Poti ndine mkulu wa dera lathu, amene ndinayenera kukawachitira umboni ku seshoni, bwalo la abusa ndi akulu a mpingo, ndinali ine. Loweruka lina anafika kwathu atavala jekete, dzuwa likuotcha. Ndinawakhazika pakhonde. Kwathu mlendo sayamba nkhani asanamwe madzi, choncho ndinatenga ndowa ndi chingwe n'kupita pachitsime, iwo akuona. Ndinachotsa mwala ndi lata. Madzi anatuluka oyera bwinobwino ngati a pampopi. Ndinathira m'kapu yomwe mkazi wanga ankamwera, n'kuwapatsa ndi manja awiri.

"Imwani, abambo. Madzi alibe mlandu."

Sindinkawayesa ayi. Ndinkafuna amwe. Ndinkafuna akagone pabedi la odwala kolera loboola pakati lija, ndowa ili pansi, ana awo akuwaonera patali kuseri kwa chingwe monga anachitira ana anga.

Anaigwira kapuyo nthawi yaitali. Anati angomwa kumene tiyi kunyumba. Ndinati ndidikira, sindikupita kulikonse. Ntchentche inatera pamlomo wa kapu n'kuuluka. Pomaliza anaiika pansi, pafupi ndi nsapato zawo.

"Achimwene, madzi amenewa si abwino."

"Munadziwa liti?"

Anadzuka n'kumapita, osatsanzika.

Ku seshoni ndinafotokoza zonse, za njerwa, za dimba, za tenti, ndi za kapu yomwe, osabisa mbali yanga. Abusa anandidzudzula kwambiri chifukwa cha kapuyo, ndipo anandiimitsa Mgonero miyezi itatu. Ndinavomera. Dzina la anebawo linachotsedwa, ndipo akulu awiri anapita kukaimirira pomwepo mpaka bowo lija linamatidwa ndi simenti.

Timakumanabe panjira, iwo amayang'ana pansi. Lamulungu tikamanena Pemphero la Ambuye, tikafika pa mawu okhululukira otilakwira, ndimatseka pakamwa, n'kuyambiranso pa mzere wotsatira.