Mayi Ennie Dzimbiri, Amene Anakakhuza Maliro ku Ukraine

Mwezi watha tinaika m'manda Mayi Ennie Dzimbiri a mphakati wa ku Rockingham, kuno ku Perth. Ambiri m'parishi muno ankawadziwa ngati mayi wa pa benchi ya kumbuyo, korona m'manja, amene ankatong'olera maso aliyense amene foni yake yalira pa Misa. Sanali munthu wonyengerera, koma anali wa Mulungu.

Anabadwira ku Angonia, tsidya la Mozambique, ndipo sukulu anailekeza atangodziwa kuwerenga katekisimu. Nkhondo itafika m'mudzi mwawo mu 1986, amuna awo anawomberedwa m'munda wa mbatatesi. Mayi Ennie anathawira ku Lizulu, mwana wawo Melvin ali kumsana, thupi n'kulisiya pamzere pomwepo. Panalibe wolisambitsa, panalibe nyimbo. Analonjeza Mulungu kuti maliro aliwonse amene adzawamve, adzapitako. Zaka zonse zimene ankagulitsa kabichi kuti Melvin aphunzire, lonjezolo sanaliphwanye. Mkatolika, Msilamu, ngakhale chidakwa chopanda abale, onse anawalira.

Melvin atapeza ntchito ya uinjiniya ku migodi ya kuno, anawaitanitsa kuti adzalere adzukulu. Sitima anaizolowera, adzukulu oyankha m'Chingerezi anawapirira. Chimene chinawakanika ndi maliro a ku Perth. Ankati kanthawi kochepa m'tchalitchi, kenako tiyi ndi masangweji, anthu n'kuthamangira kuntchito, kumeneko si kulira munthu. Imfa sankaiopa. Ankaopa kudzaikidwa chonchi.

Mu 2023 gulu la parishi linakonza ulendo wokapereka mankhwala ndi zofunda ku Ukraine, m'midzi imene inali italandidwa ndi asilikali a adani kenako n'kumasulidwa. Mayi Ennie analembetsa. Melvin anakana, akutchula ukalamba wawo ndi mabomba.

"Iwe nkhondo unaidutsa uli mtulo kumsana kwanga," anatero. "Usandiphunzitse."

Wotsogolera gululo anali Katherine, mzungu wa kuno, namwino wopuma ntchito. Anawachenjeza onse kuti akakafika asamajambule anthu, ndipo asamakhetse misozi pamaso pawo. Anakwera ndege mpaka ku Poland, kenako sitima, kenako basi. Anaona nyumba zopanda madenga, minda yoikidwa zikwangwani za mabomba okwirira, ndi tchalitchi chobooledwa ndi zipolopolo chimene anthu ankayatsamo makandulo ngati palibe chachitika.

M'mudzi wina womasulira anawalozera nyumba ya mayi wina dzina lake Halyna. Mwana wake wamwamuna anawomberedwa pageti, ndipo mayiyo anamukwirira yekha kuseri kwa nyumba chifukwa kumanda kunali kosapitika. Katundu wa chithandizo ankalandirira pageti n'kutseka. Mayi Ennie anafunsa ngati anthu anabwera kudzalira naye. Womasulirayo anati zinali zosatheka, aliyense nthawi imeneyo ankabisala m'zipinda za pansi.

Mayi Ennie anatulutsa chitenje m'chikwama n'kumanga pamwamba pa thalauza. Anavula nsapato pa dothi lozizira, nayamba kulira mokweza kuyambira kumsewu, monga timalowera pamaliro kwathu. Katherine anawagwira mkono, iwo anausolola. Halyna atatsegula geti, Mayi Ennie anamudutsa, nakakhala pansi pakhonde, miyendo atatambasula. Halyna anaimirira nthawi yaitali akuwayang'ana. Kenako naye anakhala pansi, ndipo mawu amene anatuluka m'chifuwa mwake anaimitsa aliyense pamsewu.

Anansi anathamangira poganiza kuti kwagwa imfa yatsopano. Atamvetsa, sanabwerere. Bambo wina wokalamba anavula chipewa n'kuyambitsa nyimbo ya akufa ya mpingo wawo, Mayi Ennie akupemphera Tikuoneni Maria m'Chichewa. Basi inadikira mpaka dzuwa kupendeka, ndipo palibe anadandaula.

Atabwerako, bambo mfumu anawapempha kuti afotokozere mpingo. Anangoti, "Panali maliro, ndinakhuza," n'kukhala pansi.

Chaka chino khansa inawagwira. Anaipirira osadandaula, analandira sakramenti la odwala, ndipo anatsirizika mwamtendere m'mawa wina kunyumba kwa Melvin. Melvin anatulutsira mipando ku galaji monga mwa mwambo, akuyembekezera Amalawi ndi a ku Zambia ochepa amene akanapeza tchuthi.

Masana geti linatseguka. Linali gulu lonse lija linapita nawo ku Ukraine, nsapato zili m'manja. Katherine, amene mawondo ake ndi a opaleshoni, anapempha chitenje, namanga mokhotakhota, n'kudzigwetsa pansi pakati pa amayi. Melvin anamubweretsera mpando. Anaukankha, nanena m'Chichewa chophunzira dzulo, "Pepani. Tabwera kudzakhuza."

Ankabwera tsiku lililonse mpaka tinawaika. Mzimu wa Mayi Ennie uuse mumtendere. Ife otsala, maliro akamveka m'parishi muno, tisadikire kuitanidwa.